Nyumba ya Mapesi: Mbiri ya Masanje Kunyanja ku Salima

Munthu akafuna kunyoza ntchito ya mnzake masiku ano amangoti ndi masanje. Msonkhano wopanda mutu ndi masanje, mlatho wokokoloka ndi mvula yoyamba ndi masanje, ndipo ankhoswe polangiza akwati saiwala kuwakumbutsa kuti banja si masanje. Mawuwa atsala m'kamwa mwa akuluakulu ngati chitonzo basi. Komatu chinthu chimene amachitchulacho chinali ndi nyengo yake, malo ake ndi malamulo ake, ndipo kwa mibadwo yambiri ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima, kuyambira kwa Ndindi ndi kwa Pemba chakummwera mpaka kwa Maganga ndi kwa Kuluunda, kumasanje ndi kumene mwana ankayambira kumanga nyumba ndi kuisunga. Mfundo imene ndikufuna kuiteteza ndi yakuti mphamvu ya masanje inali m'zotsala. Tinyumba ta ana tinkamangidwa ndi zinthu zimene akuluakulu anali atathana nazo, zopanda mwini ndi zopanda mtengo, ndipo kupanda mtengoko ndi kumene kunkampatsa mwana ufulu wophunzira. Wofuna kudziwa chifukwa chimene masanje afotera asathamangire kuloza chala zidole za m'sitolo kapena mafoni. Ayambe wafunsa kumene zotsala za mudzi zinapita.

Masanje ankadza m'masika, chimanga chikalowa m'nkhokwe, n'kupitirira m'miyezi yozizira imene mwera umavundula nyanja, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Nyengoyi inali ndi chifukwa chake. Mvula imakhala italeka, ana atamasuka ku ntchito yoingitsa anyani ndi mbalame m'minda, mimba zitakhuta, ndipo m'minda mutangoti mbwee mapesi. Ana ankasankha malo kunja kwa mudzi, m'munda wokololedwa kapena pansi pa mlambe, patali ndithu kuti akulu asamawasuzumire koma pafupi moti mfuu n'kumveka. Pamenepo ankamanga kamudzi. Anyamata ankadula timitengo ta nsichi, kusenda luzi, kumanga mbariro ndi kuyedzeka mapesi kuti likhale khoma, denga n'kufolera ndi tsekera kapena udzu wina uliwonse. Kunyanja, kumene bango ndi migwalangwa n'zosasowa, bango linkalowa m'malo mwa mapesi ndipo mlaza unkagwira ntchito ya luzi. Atsikana ankalambula bwalo, kuzira pansi, kukhazika mafuwa atatu ndi kututa mapale ndi timiphika tobenthuka timene amayi awo anatitaya kuseri. Chofunika kuchionetsetsa apa ndi msinkhu wa nyumbayo. Sikanali kanthu koika pamphasa n'kumakayang'ana. Inali nyumba yoti ana awiri kapena atatu alowemo chokwawa, akhale pansi, adye. Ikamangidwa mwaulesi inkawagwera pamutu, pakuti mwera sufunsa zaka za mmisiri.

Mudzi wa masanje unkatsanzira mudzi weniweni mpaka m'zinthu zimene akulu sakanakonda kuti zitsanziridwe. Ana ankagawana maanja, uyu bambo, uyu mayi, ang'onoang'ono n'kukhala ana awo. Pankakhala mfumu yoweruza milandu, ndipo milandu siinkasowa: nkhuni zabedwa, ndiwo zapserera, bambo wabwera chimanjamanja. Mwana wina ankakhala tambala wolengeza kuti kwacha, moti dzuwa limodzi linkatha kubala masiku anayi kapena asanu a kumasanje. Wotsalira pogawana maanja ankasanduka fisi, wozembera miphika anzake akatseka maso kuti kwada. Chakudya chokha ndicho sichinali chongoyerekeza. Atsikana ankakunkha chimanga chotsalira m'mapesi ndi mtedza wosiyidwa m'nthaka, n'kukapempha kaufa, misere ya mpunga ndi kamchere. Anyamata a kumtunda ankakumba mbewa ndi kutchera mbalame ndi ulimbo, pamene a kunyanja, makamaka m'midzi ya Ayao achisilamu imene mbewa si ndiwo, ankathamangira kudoko kukagwirako chingwe cha khoka kuti apatsidwe kadzanja ka usipa kapena utaka. Nsima ya kumasanje inkafika ndi kwa agogo kuti alawe, ndipo akaipeza ndi mibulu nkhani inkamveka mudzi wonse. Mwambowu suli wa Achewa okha. Ashona a ku Zimbabwe amautcha mahumbwe, Atonga a ku Zambia amati mantoombwa, ndipo konseko umadza anthu akatha kukolola. Kufanana kwa nyengoku ndi umboni woyamba wakuti masanje ndi mwana wa zokolola, wobadwa pa zimene zagwa pansi.

Ana osafika msinkhu wopita kumasanje anali ndi tinyumba tawo pakhonde kapena kudambo. Iwowa ankaumba ndi dongo: kanyumba kozungulira, kankhokwe, khola la timitengo, ng'ombe za linunda zokhala ndi nyanga zaminga, timiphika touma padzuwa. Zigoba za malambe ndi za nkhono zinali mbale. Mwana wa m'nyumbamo anali chitsononkho chokulungidwa m'kansanza n'kuberekedwa kumbuyo. Chidole chosiririka kuposa zonse chinali chimanga chachiwisi cha ndevu zazitali zoti n'kuluka, koma chimenecho chinkabweretsa mkwapulo, ndipo mkwapulowo ukutiuza kanthu. Chimanga chachiwisi chinali chakudya cha mawa, chinali ndi mwini. Chitsononkho chinali chitagwira kale ntchito yake. Malire a zoseweretsa anali pomwepo, ndipo mwana aliyense ankawadziwa. Tisaiwalenso kuti kuphunzitsa ndi tizinthu toumba sikunali kwachilendo kwa akulu. M'chinamwali anamkungwi ankaumba zifanizo zadongo zolangizira anamwali, ndipo zina mwa zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, akatswiri amazilumikiza ndi mwambo womwewo. Anthu amene ankadziwa kuti dongo limatha kulankhula zimene pakamwa pangachite nazo manyazi sakanaona ng'ombe yadongo ya mwana ngati kutaya nthawi.

Kuti tione bwino chimene masanje anali, tiyerekeze ndi nyumba ya zidole ya ku Ulaya, imene ana athu amaiona m'mafilimu lero. Iyo inayambira kwa anthu olemera, ndipo poyamba siinali ya ana n'komwe. Mu 1558 Albrecht V, wolamulira wa Bavaria, anapangitsa nyumba yotere imene inakathera m'chipinda chake chosungiramo zinthu zamtengo wapatali. Ku Amsterdam, mkazi wa wamalonda wina wolemera, Petronella Oortman, anatha zaka zambiri kuyambira cha m'ma 1686 akudzaza kabati yooneka ngati nyumba ndi timipando ndi timbale topangidwa ndi amisiri enieni. Kabatiyo ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Rijksmuseum mpaka lero, kuseri kwa galasi. Yotchuka kuposa zonse ndi ya Mfumukazi Mary ya ku Britain, imene anaikonza katswiri wa zomangamanga Edwin Lutyens n'kumalizidwa mu 1924. Chilichonse m'menemo n'chochepetsedwa ka 12, koma anaipanga moti magetsi aziyaka ndipo m'mipope muzituluka madzi. N'zoona kuti ku Nuremberg mayi wina, Anna Köferlin, mu 1631 ankaonetsa nyumba yotere ponena kuti atsikana aphunzirepo kusamala pakhomo, choncho maganizo ophunzitsa analiponso kumeneko. Koma kuphunzira kwake kunali kwa maso. Mwana ankaona pamene mphika umakhala, osaukhazika pamoto. Nyumba ya ku Ulaya inkaonetsa zimene banja lili nazo, ndipo inkasungidwa kuti isawonongeke. Ya kumasanje inkamangidwa podziwa kuti ikafika nthawi yososa idzatenthedwa pamodzi ndi zinyalala za m'munda. Chinthu chimodzi chokha chondiseketsa n'chakuti nyumba yoyamba ya chidole cha Barbie, imene inatuluka ku America mu 1962, inali ya katoni, ndipo inalibe khitchini. Mtsikana wa kwa Maganga akanaifunsa kuti mafuwa ali pati.

Apa ndiye pagona nkhani. Luso lililonse la manja limaphunziridwa polakwitsa, ndipo kulakwitsa kumafuna zipangizo zimene kuwonongeka kwake sikuliza munthu. Bambo womanga nyumba yeniyeni sangampatse mwana phaso kuti ayesere, chifukwa phasolo analisenza kuchokera kuphiri. Mayi sangasiyire mwana wa zaka 7 mphika wa nsima ya banja lonse, pakuti ikapanda kupsa anthu agona ndi njala. Mapesi, mapale ndi chimanga chokunkha zinathetsa vutoli popanda wina kukhala pansi kuti alikonze. Khoma likagwa, mapesi ena ali pomwepo. Nsima ikakhala yaiwisi, watayika ndi ufa wodzaza kachikho. Komanso popeza zinthuzo zinalibe mwini, panalibe wamkulu woima pambali n'kumati usatero. Ana ankadzudzulana okha, wamkulu pang'ono n'kumaphunzitsa wamng'ono pang'ono, ndipo m'chikhalidwe cha chikamwini, mmene mnyamata ankayembekezeka kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi apongozi akumuyang'ana, zaka zimene anatha akumanga mbariro kumasanje sizinapite pachabe. Akale ankati m'mera mpoyamba, koma mmerawo ankaupatsa malo oti ukhote n'kudziwongola.

Ngati masanje amadya zotsala, ndiye kuti mbiri yake iyenera kutsata mbiri ya chuma cha dera, ndipo ku Salima zimenezi zimaoneka poyera. Chigwa cha kunyanjachi n'chakale m'mbiri ya Amaravi. Likulu la Kalonga ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, limene katswiri wofufuza zakale Yusuf Juwayeyi analifukula n'kupezamo mapale, mikanda ya galasi, minyanga ndi zamkuwa, lili chakummwera pang'ono kwa malire a boma la Salima. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera Ayao ndi malonda a kugombe la nyanja yamchere, nsalu, mikanda ndi chisilamu, komanso malonda a akapolo amene anachititsa kuti kutumiza ana kunja kwa mudzi kukhale kuika moyo wawo pachiswe. Masanje amafuna mtendere poyamba, zipangizo pambuyo. Kenaka kunadza sukulu. Amishoni a Dutch Reformed, Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok, anakhazikitsa Mvera m'mapiri oyang'ana chigwachi mu 1889, ndipo Akatolika anafika ku Mua mu 1902. Sukulu za m'midzi zimene zinatsatira zinayamba kugawana nthawi ya mwana ndi mudzi, ngakhale kuti kwa zaka zambiri ana opita kusukulu anali ochepa, makamaka m'midzi yachisilamu imene makolo ankaopa kuti sukulu ya mishoni iwatembenuzira ana.

Chimene chinasintha zinyalala zenizenizo ndi thonje ndi njanji. Atsamunda anaona kuti chigwa chotenthachi n'choyenera thonje, ndipo ku Domira Bay kunali malo ofufuzira za mbewuyi m'zaka za m'ma 1930. Thonje ndi mbewu youma mtima kwa ana. Silisiya chokunkha choti n'kuphika, ndipo lamulo linkafuna kuti mitengo yake izulidwe ndi kutenthedwa akatha kukolola pofuna kupha tizilombo. Munda wa thonje unali munda wopanda masanje. Koma njanji yochokera ku Blantyre, imene inafika ku Salima mu 1935 kudzera ku Chipoka, inabweretsa zotsala zamtundu wina. Pafupi ndi siteshoni panamera masitolo a amwenye, amene anakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu Banda linawalamula kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. M'masitolomo munkatuluka zitini, mabokosi a machesi, zitsekerero za mabotolo, timawilo ta ulusi, zidutswa za nsalu za atelala a pakhonde, ndi waya womangira mabelo. Obwera ku Joni ndi ku Harare anadza ndi njinga, ndipo njinga ikatha inkasiya masipoko ndi mphira. Chitukuko cha ulimi cha m'mbali mwa nyanja chimene chinayamba mu 1968 ndi thandizo la West Germany, ulimi wa mpunga ku Lifuwu, ndi njanji yopita ku Lilongwe imene inatsegulidwa mu 1979, zonsezi zinachulukitsa magalimoto, matumba ndi makatoni.

Ana sanadikire kuuzidwa. Chitini chinalowa m'malo mwa phale, ndipo chinali chabwino kuposa phalelo chifukwa sichisweka. Mnyamata amene agogo ake ankaumba ng'ombe anayamba kupinda galimoto ya mawaya, ya chiwongolero chachitali ndi matayala a zitsekerero kapena a patapata wakutha, ndipo paketi ya Chibuku inasanduka lole. Luso limeneli linadziwika ndi kunja komwe kudzera m'kabuku ka ana ka Karen Lynn Williams kotchedwa Galimoto, ka mu 1990, kosimba za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya. Nyumba nayo inasintha maonekedwe motsata nyumba za akulu. Yozungulira ija inasanduka yamakona anayi, ya zipinda, ya mawindo. Ana anatulukira kuti ukasenda pepala lapamwamba la katoni, m'kati mumatsala mizere yofanana ndi malata, ndipo denga la malata, limene Kamuzu ankalilota m'malo mwa anthu ake akamanena za nyumba yosadontha, linafika msanga pa tinyumba ta ana kusiyana ndi pa nyumba za makolo awo. Mabokosi a machesi anakhala masofa ndi makabati, kansalu ka telala n'kukhala katani, nsima yotsala kapena utomoni n'kugwira ntchito ya guluu. M'matauni masewerawa anapeza ndi dzina lina, zawana. Koma taonani chimene chinachitika pakusinthaku. Nyumba inachepa. Inachoka kumunda n'kubwera pakhonde, inachoka pa msinkhu wolowamo n'kufika pa msinkhu wonyamula m'manja. Mosadziwa, mwana wa ku Salima anayamba kupanga chinthu chofanana ndi kabati ya Petronella Oortman, chosiyana mtengo wokha.

Ambiri amati chinapha masanje ndi zidole zapulasitiki za ku China, mavidiyo ndi mafoni. Maganizowa ndi okoma kuwamva chifukwa amaika mlandu pa mlendo, koma sakugwirizana ndi zimene zimaoneka m'midzi. Mabanja ambiri a kwa Khombedza kapena kwa Kambwiri sagula zidole, ndipo ana awo akusokabe mpira wachikulunga ndi majumbo ndi kupinda mawaya monga kale. Luso lilipo. Chimene chinatha ndi malo, nthawi ndi zotsala. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 248,000 m'boma la Salima, ndipo wa 2018 anapeza oposa 478,000. Tchire la kuseri kwa mudzi linasanduka minda ndi nyumba, ndipo mbali zambiri za gombe la Senga Bay zinalowa m'mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumulirako anthu a ku Lilongwe. Nkhuni zitasowa, mapesi ndi zitsononkho zinakhala zophikira. Alangizi a zaulimi anayamba kuphunzitsa kuti mapesi aziphimbira nthaka kapena kupangira manyowa, uphungu wabwino ndithu, koma wopatsa mapesi mwini. Bango ndi mlaza zili pamalonda, monga aliyense woyenda pa msewu wa ku Senga Bay amaonera mphasa, madengu ndi mipando zoyalidwa m'mbali. Nsomba zitachepa m'nyanja, kadzanja ka usipa kaja kanayamba kuyezedwa. Ndipo pa zaka za njala kukunkha kumaleka kukhala masewera. Chakumapeto kwa 2001 bungwe la Save the Children linachenjeza za njala litaona mmene zinthu zinalili ku Salima ndi ku Mchinji, ndipo m'miyezi yotsatira anthu anadya gaga ndi mizu. M'chaka chotero palibe mayi wopereka ufa woseweretsa.

Nthawi nayo inapeza mwini. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana olembetsa sukulu m'dziko muno anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Palibe munthu wanzeru angadandaule ndi zimenezo, ndipo ine sindikudandaula. Ndikungoti miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, imene inali mtima wa masanje, tsopano ndi miyezi ya mayeso, ndipo ana a zaka 10 mpaka 13, amene anali amisiri ndi mafumu a kamudzi kaja, ndi amene amakhala otanganidwa kwambiri. Masanje opanda ana okulirapo ali ngati gule wopanda ng'oma. Otsalawo amasewera ndithu, koma palibe wowaonetsa mfundo yomangira mbariro.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kukometsera umphawi, kuti ana ankaseweretsa zitsononkho chifukwa makolo awo analibe chowagulira, ndipo kuti mwana aliyense atapatsidwa mwayi angasankhe chidole cha m'sitolo. Mbali yachiwiriyo ndi yoona, monganso mwana aliyense angasankhe switi m'malo mwa phala. Koma zimene mwana angasankhe ndi zimene zimamuphunzitsa si chinthu chimodzi nthawi zonse. Mbali yoyambayo ndiyo yolakwika. Masanje ankakula m'chaka cha zokolola zambiri n'kufota m'chaka cha njala, kutanthauza kuti anali chizindikiro cha kukhuta. Mudzi wotha kusiya chimanga m'munda kuti ana akunkhe, wotha kumasula ana ake ku ntchito kwa miyezi itatu, wokhala ndi tchire lopanda mwini, unali wolemera m'zinthu zimene ndalama siziwerenga. Umphawi weniweni ndi umene tikuuona tsopano, pamene chinthu chilichonse chogwa pansi chili ndi wochidikirira. N'chifukwa chake sindigwirizananso ndi amene amatenga galimoto ya mawaya ngati umboni wakuti kusowa kumabala nzeru. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali mnyamata, anali wosauka zedi, koma anali ndi zinthu ziwiri zaulere: laibulale yaing'ono ndi dzala la zitsulo zakutha lopanda womuthamangitsa. Chikanakhala kuti kusowa kokha n'kokwanira, bwenzi mudzi uliwonse uli ndi makina otero.

Chitsutso cholemera kwambiri n'china, ndipo sichiyenera kuchepetsedwa. Masanje ankaphunzitsa mtsikana kuti malo ake ndi pamafuwa ndi mnyamata kuti iye ndi wodikira nsima. Ankazoloweretsa ana kudziona ngati mwamuna ndi mkazi asanathe msinkhu, kutali ndi maso a akulu, ndipo si chinsinsi kuti "usiku" wa kumasanje nthawi zina unkapitirira malire. Amipingo ankawakayikira pa chifukwa chimenechi, ndipo m'dziko limene linafunika lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18, dziko limene Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, moyandikana ndi Salima, inatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana, palibe chifukwa chosekerera nkhawayi. Ndikuvomereza zonsezo. Chimene ndikukana n'chakuti masanje ndiwo anali gwero. Kamudzi ka ana kanali kalilole. Kankaonetsa bambo woledzera chifukwa m'mudzi munali bambo woledzera, ndipo ana a lero akamasewera zawana mumapezeka mayi wopita ku ofesi, namwino, mphunzitsi ndi wapolisi wamkazi, popanda wowalembera. Kuswa kalilole sikuchotsa chipsera pankhope. Chimene chinali chofunika kusunga m'masanje si kagawidwe ka ntchito pakati pa mwamuna ndi mkazi, koma njira yophunzirira: ana kumanga chinthu chachikulu pamodzi, ndi zipangizo zawozawo, n'kukumana ndi zotsatira zake.

Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a maphunziro anafika pa nzeru yomweyi podzera njira yaitali. Ku Malawi Institute of Education ku Domasi aphunzitsi amalimbikitsidwa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pophunzitsa, njira imene amaitcha TALULAR, ndipo alezi a m'sukulu za mkombaphala za m'midzi amaphunzitsidwa kupanga zidole zansanza, timagalimoto tadongo ndi tinyumba tamakatoni. Ndi ntchito yabwino, yochitidwa kawirikawiri ndi amayi osalipidwa. Koma pali kusiyana kumodzi kumene sikutchulidwa m'maphunziro a alezi. Kumkombaphala wamkulu ndiye amapanga, mwana n'kulandira chopangidwa kale, ndipo madzulo chimatsekeredwa m'bokosi kuti chisawonongeke. Zipangizo n'za kumasanje, koma mzimu wake ndi wa nyumba ya kuseri kwa galasi ija.

Katoni, imene inalowa m'malo mwa mapesi, nayonso ikutsata njira ya mapesi. Ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi ku Chipoka ogula usipa wouma amafuna makatoni ndi matumba olongedzeramo nsomba zopita ku Lilongwe, choncho wagolosale wa pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima sataya katoni yabwino. Botolo lapulasitiki limagulidwa ndi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira oyeza. Waya, zitini ndi masipoko zimakwera pasikelo ya ogula zitsulo zakutha. Majumbo opyapyala, amene boma linawaletsa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, ndi okhawo amene akuulukabe opanda mwini, ndipo jumbo simangira khoma. Mwana wa ku Salima wofuna kumanga kanyumba lero amayamba waima pakhomo la golosale n'kupempha katoni, ndipo nthawi zina amauzidwa mtengo wake.